Pakhonde pa Azakhali: Chimwana chakula, thewera lachepa

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 24 ndipo ndimakhala kuno kwa Khombedza, kufupi ndi msewu wopita ku Nkhotakota. Mwana wanga woyamba, wamwamuna, ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mulungu adandipatsa chimwana, Azakhali. Kusikelo mwezi watha adalemera makilogalamu 16, moti ndikamubereka anthu amandifunsa chifukwa chake sadapite kusukulu. Vuto langa ndi mapampasi. Amene ndimagula paokala amamuthina m'ntchafu mpaka kusiya mizere yofiira, zomatira zimamatuka akangoyamba kuthamanga, ndipo usiku timadzuka tonse tili chinyowere, ine, iye ndi bambo ake. Ndidayesa kumuveka awiri nthawi imodzi koma sizidathandize. Mnzanga akuti ndisiye kumupatsa madzi dzuwa likapendeka. Apongozi akuti ndikulera mwana chizungu. Bambo ake ayamba kugona pamkeka pabalaza. Ndigule ati, ndipo ndikawapeza kuti?

Ine wotopa ndi kuyanika matiresi, Khombedza.

Mwana wanga wotopa,

Walira mvula walira matope. Si iwe unkapemphera uli ndi pakati kuti Mulungu akupatse mwana wamphamvu? Si iwe unkathira nsinjiro ndi usipa wosinja m'phala m'mawa ndi madzulo? Wayankhidwa, ndiye lero wabwera pakhonde panga ndi nkhope yamaliro. Pukuta misozi, chimwana chako chilibe mlandu. Bambo akewo, amene athawira pabalaza ngati kuti mkodzowo ndi wa mwana wa aneba, tiwabwerera kumapeto.

Tiyambe ndi thupilo. Pa tchati cha bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mnyamata wa zaka ziwiri ndi theka amalemera cha m'makilogalamu 13, wa zaka zitatu cha m'ma 14. Wako wa 16 ndi wojintcha ndithu, koma akadali m'kati mwa mizere. Chimodzi chokha uonetsetse: kuti ndi kunenepa osati kutupa. Dina ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri, uwerenge mpaka katatu, uchotse. Pakatsala kadzenje, iwala za mapampasi, pita naye kuchipatala cha Khombedza tsiku lomwelo. Pakabwerera msangamsanga, zikomo, ndi phala lako lija.

Tsono mvetsa. Nambala imene imalembedwa papaketi, 3, 4, 5, 6, siwerenga zaka za mwana. Imawerenga sikelo. Nsapato umagula poyeza phazi, sufunsa chaka chimene mwana adabadwa. Makampani ambiri nambala 5 amaiyambira pa makilogalamu 11 kapena 12, ndipo nambala 6 ena amaiyambira pa 13, ena pa 15 kapena 16 kupita m'mwamba. Iwe ukugula limodzilimodzi paokala, paketi suiona n'komwe. Umangoti “ndipatseni lalikulu,” ndipo mnyamata wa paokalayo amakupatsa lalikulu mwa amene ali nawo. Ndikhoza kubetcha nkhuku yanga yathadzi kuti ukumuveka nambala 4. Safunsa adadya phula. Mawa umuuze atulutse paketi yonse, uwerenge makilogalamu ndi maso ako, uyerekeze ndi zimene alangizi a zaumoyo adalemba m'kabuku ka kusikelo.

Ukaona kuti mwana akukwana m'manambala awiri, poti manambalawa amalowererana, tenga yaikuluyo. Thewera lalikulu silikula m'chiuno mokha, limanyamulanso mkodzo wambiri. Mwana wa zaka ziwiri ndi theka sakodza pang'onopang'ono ngati khanda. Amasunga, kenaka amatsegula zonse nthawi imodzi, ndipo thewera laling'ono silingathe kumwa msanga chigumula chotere. Wako, wa makilogalamu 16 ndi ntchafu zodzazazo, ndi wa nambala 6.

Dziwanso kuti makampani sadula mofanana. Pampers, Huggies, Softcare ndi enawo, aliyense ali ndi kadulidwe kake: wina amapereka malo m'ntchafu, wina amatalika kumsana, wina lasitiki wake ndi wofewa. Sindikusankhira dzina, chifukwa lokwana mwana wa mnzako likhoza kuthina wako. Gula awiriawiri a mitundu iwiri kapena itatu, uyese usiku, ndipo amene wadzuka nawo pouma ndiwo ukagule paketi yake. Pali ena ovala ngati kabudula, opanda zomatira, okhala ndi lasitiki chiuno chonse. Kwa chimwana chothamanga ngati chakocho amenewa ndi abwino masana ndi paulendo, ndipo amamuzoloweza kuvula yekha. Akachita chimbudzi umangong'amba m'mbali, sukokera pansi.

Kavekedwe nako kali ndi mlandu. Thewera likwere mpaka m'munsi pang'ono mwa mchombo, kumsana likwere mofanana kapena kuposa. Zomatira zikhale molingana mbali zonse, ndipo ukamata, zala zako ziwiri zilowe pakati pa mimba ndi thewera. Zikakana kulowa, lathina. Dzanja lonse likalowa, lakhwepa. Kenaka yendetsa chala m'mphepete mwa ntchafu, utulutse timapiko ta lasitiki tija timene timapindikira m'kati. Ambiri amatisiya chipindikire, ndiye mkodzo umapeza msewu. Ndipo poti wako ndi mnyamata, kachida kake kaloze pansi pomuveka. Kakaloza kumwamba, mkodzo umatulukira pamchombo thewera lili louma, iwe n'kumatukwana kampani yosalakwa.

Zoveka awirizo, mwana wanga, ndaseka mpaka chitenje kumasuka. Kunja kwa thewera lililonse kuli kapepala kotchinga madzi. Lam'kati likadzaza, mkodzo sudutsa kupita ku lakunja, umatulukira m'ntchafu. Watayapo ndalama ya matewera awiri kuti unyowe kamodzi. M'kati mwa thewera muli timibulu tonga mchere timene timamwa mkodzo n'kusanduka phalaphala. Tikakhuta, takhuta. Umu ndi mmene ungayesere matewera aja otchipa opanda dzina amene amabwera m'matumba oyera: tsegula limodzi, thira kapu yamadzi, dikira pang'ono, dina ndi nsalu youma. Nsalu ikanyowa kwambiri, m'katimo mulibe timibulu tokwanira, ndipo zimenezo zidzachitika pakhungu la mwana wako usiku wonse.

Kowapeza? Okala ya m'mudzi imasunga zoyenda msanga, ndipo zoyenda msanga ndi manambala a makanda. Nambala 6 uyifune ku boma, m'magolosale akuluakulu ndi m'mafamase a pa Kamuzu Road, kapena utume wopita ku Lilongwe. Ukhozanso kumuuza mwini okala kuti akapita kokaoda akutengere paketi, umutsimikizire kuti udzagula yonse. Kusikelo uliko ndi anzako a zimwana ngati chako, sonkhani mugule paketi yaikulu mugawane. Pogula usamangoona mtengo wa paketi. Gawa mtengowo ndi chiwerengero cha matewera ali m'katimo, chifukwa nambala ikamakwera, matewera m'paketi amachepa.

Mnzako wa madziyo umuuze kuti Azakhali akuti asadzabwerezenso. Kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala n'kosewera nako? Mwana amwe mokwanira masana onse ndi pa chakudya chamadzulo. Chochepetsa ndi tiyi, zakumwa zotsekemera ndi chikho cha thobwa chomwera pamphasa. Asanagone mupititse akakodze, ndiye umuveke thewera latsopano pamenepo, osati limene wavala kuyambira dzuwa lili pamutu. Pamatiresi yala pepala la pulasitiki longa lija udapita nalo kochira, pamwamba pake chitenje chakale chopinda kawiri.

Tsono zimene sukufuna kumva. Apongozi ako sakunama kwenikweni. Nambala 6 ndi kumapeto kwa shelefu m'masitolo ambiri athu, ndipo mwana amene wafika kumeneko, woyenda, wolankhula, wodziwa kukabisala kuseri kwa nkhokwe akafuna kuchita chimbudzi, wakonzeka kuphunzira. Ana ambiri amakonzeka pakati pa chaka ndi theka ndi zaka zitatu. Kuwongola mtengo n'poyamba. Masana muvule thewera, avale kabudula wamba. Mugulire poti, kapena kabeseni kakekake, umukhazikepo akangodzuka, akatha kudya ndi asanagone. Akachitira pamenepo, lulutira ngati wapambana mayeso a Fomu 4. Akaphonya, pukuta osakalipa. Thewera lisiyire usiku, ulendo wa paminibasi ndi kutchalitchi. Ukatero paketi imodzi idzakhalitsa, ndipo ndalama ya nambala 6 idzapezeka.

Bambo akewo uwauze kuti pabalaza palibe lendi yaulere. Abwerere kuchipinda, ndipo ntchito yodzutsa mnyamata m'mbandakucha kukakodza ikhale yawo. Mwana wamwamuna amaphunzira msanga poonera bambo ake.

Azakhali.

* * *

Azakhali,

Ndine bambo wa ana awiri, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, chilichonse chidakwera, ndipo mapampasi a mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri akundimaliza. Mkazi wanga amasintha kanayi kapena kasanu patsiku, ngakhale thewera lisadadzaze. Ine ndimati limodzi likhoza kufika madzulo, ndipo longonyowa pang'ono tikhoza kuyanika n'kumuvekanso. Iye akuti ndine woumira. Panopa mwana watuluka zilonda m'mphechepeche, ndipo aliyense akuloza mnzake chala. Wolakwa ndani?

Mkamwini wosauka, Khombedza.

Akamwini,

Takhalani pansi apa, chipewa chanu cha njinga muvule. Zoti kwacha idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mwezi umenewo n'zoona, ndipo katundu wochokera kunja adakwera, matewera omwe. Pamenepo ndakumverani chisoni. Koma ndikufunseni: mafuta a njinga atakwera, mudayamba kuthira madzi m'thanki? Nanga bwanji kuumira kwanu kwayambira pamatako a mwana, pamene mayunitsi ndi kubetcha mpira Loweruka sizidachepe?

Wolakwa ndinu, ndipo musayang'ane kumbali. Thewera lotaya likanyowa, lanyowa. Mukaliyanika, madzi amauma koma mkodzo ndi tizilombo zimatsala momwemo, ndipo timibulu ta m'kati sitimwanso bwino. Khungu la mwana likakhala nthawi yaitali mu mkodzo, makamaka wosakanikirana ndi chimbudzi, limafewa n'kuyamba kusupuka. Onjezani thukuta la kuno kwathu ndi lasitiki wothina, zilonda zimenezo. Masana mwana asinthidwe maola atatu kapena anayi aliwonse, ndipo akachita chimbudzi, nthawi yomweyo. Akazi anu amawerenga bwino.

Zilondazo muchite nazo chonchi. Mutsukeni ndi madzi oyera, mumuumitse mogunditsa nsalu yofewa osakhula, ndipo akhale wosavala thewera nthawi yaitali masana kuti mphepo ipite. Pomuveka mupake Vaseline kapena mafuta a zinc oxide a kufamase, mokhuthala. Musathirepo paudala, musapake mafuta oyeretsa khungu a mayi ake kapena kachubu kogula pamsika kosadziwika ntchito yake. Pakapita masiku atatu osasintha, kapena pakafiira kwambiri m'mapindiko n'kutuluka timadontho m'mbali, kapena pakachita mafinya, kapena mwana akatentha thupi, mukwezeni panjinga yanuyo ulendo kuchipatala. Ulendo umenewo musawalipiritse akazi anu.

Njira yopulumutsira thumba ilipo, koma imafuna manja. Matewera ansalu, aja oyera okhala ngati thaulo, adakalipo m'masitolo, ndipo amagulidwa kamodzi n'kulera ana awiri kapena atatu. Ubwino wake kwa mwana wamkulu thupi ndi woti mumapinda molingana ndi mwanayo, palibe nambala yokuletsani. Kwa wokodza kwambiri, tengani thewera lina kapena chidutswa cha thaulo lakale, pindani katatu m'litali, muike pakati: kwa mtsikana pakatikati, kwa mnyamata chakutsogolo. Nsalu ndiye imalola kuphatikiza, chifukwa mkodzo umadutsa kuchoka ku ina kupita ku inzake. Mangani ndi pini wotseka bwino, dzanja lanu lili pakati pa pini ndi mimba ya mwana, pamwamba kabudula wa pulasitiki wosathina m'ntchafu.

Kuchapa kwake: chimbudzi chikatayidwe kuchimbudzi, thewera linyikidwe m'ndowa yakeyake yovindikira, lichapidwe ndi sopo, litsukuluzidwe mpaka thovu litatheratu, chifukwa sopo wotsalira amawotcha khungu. Muyanike pachingwe padzuwa, osati pamchenga kapena paudzu. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pansalu zonunkha mkodzo zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa. Kusita ndi simbi yotentha kumapha mazirawo.

Mwaona kuti ndikuti “muyanike,” “mutsuke,” “musite”? Sindidalakwitse. Amene wafuna kupulumutsa ndalama ndinu, ndiye madzi a kumjigo mukatunge ndinu panjingapo, ndipo simbi ya makala muigwire ndinu madzulo. Manja amene amatha kumasula injini sangalephere pini wa thewera. Masana nsalu kapena kabudula, usiku thewera logula la nambala yoyenera. Mukatero mkangano watha, ndipo akazi anu adzasiya kukutchulani dzina lija.

Azakhali.

* * *

Azakhali,

Ine ndine gogo, kalatayi akundilembera mdzukulu wanga wa kusekondale. Ndidalera ana asanu ndi atatu popanda pampasi ngakhale limodzi. Mwana tinkamukhazika pamiyendo akangodzuka, ndipo pofika poyenda ankadziwa kale kopita. Lero mdzukulu wanga wina ali ndi zaka zinayi koma akugonabe ndi thewera, ndipo likuchita kumuchepera. Ndikati timukwapule pang'ono kapena timuchititse manyazi pamaso pa anzake, mpongozi wanga amakwiya. Chinanso, matewerawa ali mbwee kuseri kwa nyumba, agalu ndi nkhumba akungokoka. Mpongozi wanga amakana kuwotcha, akuti mwana angatuluke zilonda, ndiye ena amakataya kumtsinje. Kodi dziko likupita kuti?

Gogo wodabwa, kwa Khombedza.

Anzanga,

Dziko likupita komwe tidalitumiza ife, pamene tinkauza ana athu kuti aphunzire adzakhale ngati azungu. Musadabwe lero. Koma bwerani tikhale pamkeka umodzi, chifukwa pakalata yanu pali pomwe ndikuombera m'manja ndi pomwe ndikukugwirani dzanja.

Zokhazika mwana pamiyendo mudalondola, ndipo atsikana a lero akadabwera kudzaphunzira kwa inu bwenzi theka la ndalama za matewera likugula ndiwo. Koma musandinamize ine mnzanu. Mwa asanu ndi atatu anuwo, palibe amene ankanyowetsa mphasa mpaka kuyamba sukulu? Mphasa tinkaiyanika padzuwa m'mawa uliwonse, ndipo mudzi wonse unkadziwa nyumba yake. Kudziletsa masana mwana amaphunzitsidwa. Kudziletsa ali m'tulo kumabwera pokhapokha thupi likakhwima, ndipo kufikira zaka zisanu achipatala sakuwerengera ngati matenda. Kawirikawiri zimayenda m'magazi. Mufunse bwinobwino, mwina bambo ake a mwanayo, mwana wanu uja, ndi amene ankatsogolera.

Choncho chikwapu chibwerere pamtengo. Mwana sakodza dala ali m'tulo, ndipo kumuimbira nyimbo pamaso pa anzake kumangomuonjezera mantha, mantha n'kuonjezera mkodzo. Apa mpongozi wanu walondola, mumupatse ulemu wake. Ngati nambala 6 yamuchepera, pali matewera ovala ngati kabudula opangira ana okulirapo, ngakhale kwathu kuno ndi osowa ndiponso odula. Thaulo lopinda ndi pepala la pulasitiki pamphasa zimagwira ntchito yomweyo.

Zofunika kuthamangira kuchipatala ndi izi: mwana amene adasiya kale kukodza pogona n'kuyambiranso, wolira pokodza, wa mkodzo wonunkha kwambiri ndi kutentha thupi, womva ludzu losatha uku akuonda, ndi wokodza magazi. Chomalizachi musachitenge mopepuka kuno kufupi ndi nyanja. Likodzo limagwira ngakhale ana aang'ono amene amasewera m'madzi pamene amayi awo akuchapa, ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo. Pachipatala cha Khombedza akaona kuti zawakulira, amatumiza ku chipatala chachikulu cha boma la Salima.

Tsono za kuseri kwa nyumbazo, apa ndiye ndavula nthabwala. Utsi wa thewera sungatulutse zilonda pathupi la mwana amene ali kutali. Zilonda zimabwera ndi thewera lokhalitsa pathupi. Komabe kuwotcha si nzeru, chifukwa thewera lonyowa silipsa bwino, limangofuka utsi wa pulasitiki umene mukupuma nonse. Kuponya m'chimbudzi chokumba nako kumadzazitsa dzenje msanga, poti pulasitiki saola. Kumtsinje ndiye koipitsitsa. Zotayidwa mu Lingadzi ndi m'timitsinje tathu tonse zimathera m'nyanja, momwe anthu akumwa, akusamba ndi kuwedza. Chimbudzi cha mwana si choyera ngati mmene timanenera, chili ndi tizilombo ngati cha munthu wamkulu. Kolera imene idayamba mu Malichi 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, Salima yemwe, adaiona ndi maso.

Chochita n'chapafupi. Chimbudzi chikhutulidwe m'chimbudzi, thewera likulungidwe n'kumatidwa ndi zomatira zake, likaponyedwe m'dzenje lakelake lakuya, lokhala ndi chovindikira cholemera choti galu ndi nkhumba sangasunthe, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo. Pamwamba muziwazapo dothi kapena phulusa. Kenaka kusamba m'manja ndi sopo, wosintha ndi wosinthidwa yemwe.

Dzenjelo akumbe mwana wanu, sabata ino, mvula isadayambe. Inu ntchito yanu ndi kuitana mpongozi wanu mwaulemu, mumuonetse mmene munkakhazikira ana pamiyendo, iyenso akuonetseni powerenga makilogalamu papaketi. Ndipo nonse amene muli ndi zimwana zojintcha kwa Khombedza, pitani nazo kusikelo mwezi uno musadagule paketi ina.

Azakhali.